Lamulo la Nambala ya Ababa

Loji imene ndinkagwirako ntchito inali kumunsi kwa msewu waukulu, ukapitirira pang'ono pa Chintheche ngati ukulowera ku Kande. Ukatsika minibasi unkayenda ndithu m'kanjira ka mchenga kodutsa m'minda ya chinangwa, kenaka n'kuyamba kutsetsereka. Ukangoyamba kutsetsereka, netiweki inkatsala kumtunda. Alendo achizungu ankakondwa nazo, ati akupuma. Ine ndinkagona pompo, m'kachipinda ka kuseri kwa kochapira zovala, ndipo foni yanga ya m'manja sabata yonse inkagwira ntchito ya tochi.

Anzanga ambiri a pantchito anali a konko. Akaweruka ankakwera mtunda kupita m'makwawo akucheza m'Chitonga, akuseka zinthu zimene ine ndinkangozimva theka. Sanali anthu oipa ayi. M'mawa ankandipatsa moni wawo wa "mwayuka uli," ine n'kuyankha molakwitsa, iwo n'kuseka, n'kundikonza. Koma moni ukatha ankabwerera ku nkhani zawo za maukonde, za kwaya ya kutchalitchi, za mpunga wa ku Limphasa, ine n'kubwerera patebulo langa la pa risepushoni. Ndine wa ku Dedza, kwa mphepo ndi mbatata ya kachewere. Kutentha kwa kunyanja kunkandikwiyitsa, fungo la chinangwa chonyika linkandikwiyitsa, ndipo posowa womuuza ndinkakalipira apusi obwera kudzaba shuga m'matebulo. Ndinali ndekha, ndipo zinkandipweteka.

Pa loji ponse foni yogwira inali imodzi, ya patebulo langa. Inali ndi simukhadi m'kati, ndi waya wopita ku kamlongoti komangirira padenga. Nambala yake ndi imene ndinawapatsa ababa.

Ababa anali mkamwini. Anabwera m'mudzi mwa amayi ali mnyamata, anamanga nyumba, anabzala mapichesi kuseri kwa khola, anakalambira pomwepo. Amayi atamwalira, nyumba inali yawobe koma nthaka sinali yawo. Kwathu mwamuna wamasiye amadikira tsiku limene akuchikazi adzamusudzule, kumumasula pamaso pa anthu kuti abwerere kwawo kumene anabadwira. Koma mwana akaimirira patsikulo n'kunena kuti bambo athu sapita kulikonse, tiwasunga ndife, kawirikawiri nkhani imathera pomwepo. Ana tilipo awiri. Mlongo wanga ali ku Joni, ndipo iye foni amaimba akafuna. Wotsala woti n'kuimirira ndinali ine.

Atsibweni anga, alongo awo a amayi, nyumbayo ankaifunira mwana wa amayi aang'ono amene anali atangokwatiwa. Sankabisa. Pamaliro pomwe anayamba kuyeza khonde ndi maso, ndipo ine ndinawauza mawu amene mpaka pano akuwakumbuka. Pakamwa panga anthu akwathu amapadziwa. Tsiku lobwerera kuntchito ababa anandiperekeza mpaka pa siteji atakankha njinga yawo, chikwama changa chili pakaliyala.

"Tsikulo likadziwika ndidzakuuza, mayi," anatero.

"Mudzangonena, ababa. Ndidzakwera ya m'mamawa, ndipo tidzaona amene adzakutulutseni."

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse, alendo akungoyamba kutuluka m'zipinda, foni ya patebulo inkalira kawiri n'kusiya. Anali ababa akufulasha. Sindinkayankha, ndipo iwo sankafuna kuti ndiyankhe, poti ndikanawadyera mayunitsi. Kulira kawiriko kunkatanthauza kuti ndadzuka, ndili moyo, ndikadali m'nyumba mwanga. Ndinkapitiriza kupukuta tebulo ngati palibe chachitika, koma tsiku langa linkayambira pamenepo. Kuyankhulana kwenikweni kunali kwa Lamlungu masana, nthawi yokhayo imene ndinkapuma. Ndinkakwera mtunda mpaka kumsewu, kuima pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi kagolosale, n'kuwaimbira pa foni yanga, chala china chili m'khutu chifukwa cha malole.

Amanijala athu anali mayi a ku Blantyre, oyenda ndi makiyi m'manja tsiku lonse. Anatopa ndi kuthamangathamanga pakati pa bala, khitchini ndi zipinda, ndipo anatopanso ndi anthu obwera patebulo langa kudzapempha foni yoimbira kwawo. Ndiye anaitanitsa makina a mafoni. Anabwera nawo mmisiri wa ku Mzuzu, bambo wothamanga pakamwa, amene anakhomerera kukhoma kabokosi kofanana ndi wailesi yaing'ono, n'kuyala mawaya, n'kuika foni m'chipinda chilichonse. Masimukhadi anawalowetsa m'kabokosimo. Atamaliza, mitambo inali itayamba kuda, ndipo iye mtima unali kale pa minibasi. Anandikhazika pa kompyuta n'kutsegula tsamba la mizeremizere.

"Malamulo mulemba nokha, asisi, si zovuta," anatero. "Chongodziwa n'chakuti makinawa ndi opusa. Amawerenga kuyambira pamwamba. Akapeza lamulo loyamba logwirizana ndi nambala, amatsata lomwelo, za m'munsi sazionanso."

Kunena zoona ntchitoyo ndinaikonda. Kwa nthawi yoyamba pamalo paja panali chinthu chondimvera. Ndinalemba kuti wofuna kuimba kunja ayambe wadina 9, ndipo makina azichotsa 9 ameneyo asanatumize nambala. Ndinalemba kuti manambala a kampani ina azidutsa pa simukhadi ya kampani yomweyo, a kampani inayo pa simukhadi inayo. Mlendo ali m'chipinda akadina 0 azindipeza ine. Zoimba kunja kwa dziko zizichokera mu ofesi ya amanijala mokha. Foni ya kukhitchini, ya ku bala ndi ya kochapira, izo zizingoimba m'kati mwa loji momwemo, ngakhale munthu adine 9 mpaka chala kutupa. Malamulowo ankanena ndi amanijala ataima kumbuyo kwanga, ine kwanga kunali kulemba. Koma kukhitchini sanaone amanijala, anaona ine.

Mayi ophika, munthu wamkulu amene ankandisungira nsomba yakumutu podziwa kuti ndimaikonda, anabwera patebulo akupukuta manja m'epuloni.

"Mwatitsekera, eti?"

"Si ine, amama. Ndi malamulo."

"Malamulowo ali ndi zala?"

Ndikanangokhala chete. Koma ndinawayankha kuti foni ya pantchito si ya ku mudzi, ndipo tsiku limenelo mutu wa nsomba unapita kwa mlonda.

Chotsala chinali cha mafoni obwera. Amanijala ankafuna kuti munthu akaimba asamadikire, makina azimuyankha nthawi yomweyo ndi moni wa Chingerezi: takulandirani, ofuna chipinda dinani wani, ofuna amanijala dinani thuu. Mawu ake anati akhale anga. Ndinajambula mobwerezabwereza, iwo akukana, ati ndikumveka ngati wolengeza za maliro pa wailesi. Pomaliza ndinayankhula ndikumwetulira ngati wopusa, ndipo anavomera. Ndinalemba lamulo lomaliza, loti foni iliyonse yochokera kunja izipita ku moni umenewo. Za ababa sizinandifike m'mutu n'komwe. Ndinkaona ngati kufulasha n'kufulasha basi, pa makina alionse.

M'mawa mwake foni sinalire. Ndinapukuta tebulo mpaka linachita kunyezimira, koma zii. Ndinati mwina batire yatha, kwathu magetsi n'ngokatchajitsa kumsika. Mawa lake chimodzimodzi. Poyamba ndinakwiya, poti ine mantha amayamba ndi mkwiyo. Ndinkati munthu wamkulu uyu, ntchito yake imodzi yokha patsiku, kudina batani, n'kumulaka? Kenaka mkwiyo unatha, n'kutsala mantha okhaokha. Ndinkaona ababa atagwa m'bafa. Ndinkaona atsibweni atatulutsa katundu panja. Amanijala atangokwera galimoto kupita kukagula ndiwo ku Chintheche, ndinadina 9 n'kuimba.

Anayankha msanga.

"Lero mwabwera ndi Chichewa, madamu?"

"Ababa, muli bwino? Bwanji simukufulasha?"

"Ndisafulashe bwanji? Ndikungoti ndidine, ndisanadule n'komwe, wayankha kale. Ndikuti mwana wanga wadzuka bwanji, iwe ukupitiriza Chingerezi. Ndinati kaya abwana ali pafupi, ndidikire. Munthu akuyankhula sudula. Wamaliza, wakhala chete, ndikuti tsopano tiyankhulane, wayambiranso pachiyambi. Mayunitsi mpaka kutha. Ndagula ena, mawa lake zomwezo."

Ndinaseka mpaka kugwira tebulo, ndipo kusekako kusanathe misozi inali itatsika kale. Ndinaona ababa atakhala pakhonde m'chisanu cha ku Dedza, chipewa chili pabondo, akudikira mwaulemu kuti mwana wawo amalize kuwauza zodina wani.

"Ndi makina, ababa. Amasunga mawu anga, ndiye aliyense woimba amawamva."

"Amasunga?"

"Eya, amasunga. Ine pamenepo sindikhalapo. Koma musadandaule, ndikonza. Nambala yanu izingolira ngati kale."

Ndinkamva nkhuku kumbuyo kwawo.

"Usachotse msanga," anatero. "M'nyumba muno mulibe woyankhula chichokereni amayi ako. Ngakhale Chingerezicho, ndi mawu a mwana wanga."

Makina aja ankalemba foni iliyonse yotuluka, ndipo ndinali ine ndemwe amene ndinawauza kuti azitero. Pa msonkhano wa Lolemba amanijala anafunsa pamaso pa onse kuti nambala iyi yaimbidwa pa risepushoni ndi ya mlendo uti. Ndinati ndi ya bambo anga. Anati wolemba malamulo akhale woyamba kuwasunga, ndipo zikachitikanso tidzakambirana zina. Mayi ophika anangoyang'ana kudenga. Ndinachita manyazi, ndipo ndinalumbira mumtima kuti foni imeneyo sindidzaimbiranso kwathu ngakhale zitavuta bwanji.

Koma za mafoni obwera sananenepo kanthu. Madzulo a tsiku lomwelo, alendo ali kumadzi, ndinatsegula tsamba lija n'kulemba lamulo latsopano, la nambala imodzi yokha. Ikaimba nambala ya ababa, foni ya patebulo langa ilire kawiri, kuti ine ndimve. Ikapanda kuyankhidwa, ipite ku moni wina, wa iwo okha. Tsiku loyamba sizinagwire, ababa analandiridwanso ndi Chingerezi. Ndinali nditaika lamulolo pansi pa lija la anthu onse. Ndinakumbukira mawu a mmisiri, ndinalikweza n'kuliika pamwamba penipeni, pamwamba pa la amanijala.

Moniwo ndinaujambulira m'chipinda chosungira zofunda, nditatseka chitseko, nditakhala pa mulu wa mashiti. Ndinati, "Ababa, mwadzuka bwanji?" n'kudikira pang'ono kuti ayankhe. Ndinati, "Ine ndadzuka bwino. Mankhwala a magazi mwamwa?" n'kudikiranso. Ndinati, "Kumudziko kuli bwanji?" Pamenepo ndinasowa chonena china.

Makina ankafuna kudziwa chochita moni ukatha. Panali zosankha: kudula, kubwereza, kapena kusunga uthenga wa woimbayo. Kudula sindikanatha. Mwana sadulira foni kholo lake, ngakhale kudzera m'makina. Kubwereza ndi kumene kunawadyera mayunitsi poyamba paja. Kusunga uthenga ndinakuganizira, koma mmisiri anali atakonza zoti mauthenga onse osungidwa azipita pa kompyuta ya amanijala. Ndinaona amanijala atakhala ndi makiyi awo akumvetsera za mbuzi za ababa ndi za msana wawo, n'kubwera nazo pa msonkhano wa Lolemba. Kabokosi ka patsamba paja kosankhira zosunga uthenga ndinakasiya kosachonga. M'malo mwake, nditafunsa funso lomaliza lija sindinazimitse chojambulira. Ndinangokhala duu pa mashiti paja kwa nthawi yaitali, ndikujambula bata, kuti ababa adzadule okha akafuna. M'batamo munalowa phokoso la mafunde patali ndi tsache la munthu wosesa panja.

Zinagwira. M'mawa foni inalira kawiri n'kusiya, koma kagetsi kofiira ka pafonipo, kosonyeza kuti pa laini pali munthu, kanakhalabe koyaka. Ndinakayang'ana. Apa ndawafunsa, apa akuyankha. Apa ndafunsa za mankhwala. Kenaka kagetsi kanathima. Lamlungu anandiuza kuti ndachita bwino, ndipo anafunsa ngati nyanja imasokosa choncho tsiku lonse.

Miyezi inapita motero. Masiku ena kagetsi kankathima msanga, ndinkadziwa kuti akuthamangira kudimba. Masiku ena kankayaka nthawi yaitali. Ndinkawatumizira mayunitsi ndikakwera kumsewu, ndipo sindinkafunsa kuti akutha bwanji. M'mawa ndi nthawi imene alendo amabweza makiyi ndi kufunsa za maboti, ndipo chitseko cha amanijala chinkakhala chotsegula kumbuyo kwanga. Ndiye ndinkayankhula ndi mlendo, diso limodzi lili pa kagetsi. Pamalo ponse paja, chinthu changachanga chinali chimenecho.

Tsiku lina panalibe munthu patebulo, ndipo foni italira koyamba ndinaitola.

"Ababa, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino, mayi, koma mwendo uja usiku..." Kenaka anaima. "Kodi ndiwe weniweni?"

"Ndine."

"Aa. Ndimayesa ndi uja." Anachita ngati munthu amene wapezedwa akudziyankhulira yekha. Amanijala anatsokomola mu ofesi, ndipo iwo anamva. "Gwira ntchito, mwana wanga, angakuchotse," anatero, n'kudula.

Zinandiwawa. Ndinachita nsanje ndi mawu anga omwe, chinthu chimene sindinauzepo munthu poopa kusekedwa. Uja ankauzidwa za mwendo, ine ndinkauzidwa zoti ndigwire ntchito. Sindinatolenso. Ndipo macheza athu a Lamlungu anayamba kufupika. Ndikafunsa za mbuzi yodwala, ankati inachira kale, paja ndinanena. Ndikafunsa za mvula, ankati zonse ndimakuuza m'mawa. Ndinkaseka, ndikuti ndi nthabwala za anthu akuluakulu, ofanana ndi amene amayankha owulutsa mawu pa wailesi. Ndinkawafunsa za atsibweni, iwo n'kuti ali chete. Mtima wanga unkakhala pansi, n'kutsetsereka kubwerera ku loji.

Sabata imene ndikunenayi inali ya nyengo ya mwera, nyanja ikuwinduka, maboti ali pamtunda. Loji inadzaza ndi anthu a msonkhano ochokera ku Lilongwe, anthu ovuta kuposa azungu. Lachiwiri m'mawa foni inalira kawiri, kagetsi kanayaka, ndipo patsogolo panga panali bambo wina atavala thaulo m'khosi, akundifotokozera kuti madzi otentha ndi ufulu wake. Ndinamupepesa, ndinaitana wokonza mipope, ndinamupepesanso. Atachoka, kagetsi kanali kakuyakabe. Ndinaganiza kuti lero akuluwa nkhani zawachulukira, kaya mbuzi yaswa. Lachinayi kanayakanso nthawi yaitali chimodzimodzi. Loweruka kanayaka mpaka bata langa lija linatha, makina n'kudula okha, zimene zinali zisanachitikepo. Ndinali ndikuwerengera anthu a msonkhano makiyi awo. Ndinati mawa ndikawaseka, kuti kodi mwayamba kulalikira.

Lamlungu m'mawa foni sinalire. Masana ndinakwera mtunda mothamanga, mchenga ukulowa m'nsapato. Nditafika pa mtengo wa mango ndinaimba. Inalira nthawi yaitali.

"Ababa, muli kuti? Lero simunafulashe."

"Ndili kwathu, mayi. Kuno netiweki n'njovuta, ndinali ndisanapeze pogwira."

"Kwanu kuti?"

"Kwathu. Kwa azakhali ako."

Azakhali anga amakhala ku Ntcheu, kufupi ndi malire, kumene ababa anabadwira. Ineyo ndinapitako kamodzi ndili mwana. Lole inadutsa, ndipo ndinadikira kuti ipite, ngati kuti ikapita mawuwo asintha.

"Mukutani kumeneko?"

"Paja anandisudzula dzulo."

Sindikudziwa kuti ndinakuwa chiyani. Mayi wa m'golosale anatuluka kudzayang'ana. Ndinawafunsa ababa kuti anandibisira chifukwa chiyani, kuti si paja tinapangana pa siteji, kuti kodi akundiyesa mwana wa ndani. Anandilola kuti ndimalize, monga mwa khalidwe lawo.

"Ndinakuuza Lachiwiri, atsibweni ako atangochoka pakhomo," anatero mofatsa. "Ndinabwerezanso Lachinayi, ndikuti mwina sunamvetse tsiku. Dzulo m'mawa ndinakuuza kuti anthu ayamba kufika. Atsibweni ako anafunsa pamaso pa onse ngati pali mwana woti anenepo kanthu. Ine ndinayang'ana kumsewu. Nditaona kuti sukubwera, ndinati ntchito yamugwira, asaitaye chifukwa cha ine."

"Ababa, sindinamve chilichonse. Makina aja sasunga mawu anu."

"Si unati amasunga?"

"Amasunga anga okha."

Ndinayang'ana foni kuti mwina netiweki yathawa, koma inali ikuwerengabe nthawi.

"Za mwendo zija sunamve?"

"Ayi."

"Za maloto a amayi ako?"

"Ayi, ababa."

"Ndiye zonse zija ndimauza ndani?"

Ndinakhala pansi pamizu ya mtengo uja, ndi diresi yanga ya Lamlungu, ndikulira ngati mwana. Iwo ndi amene anayamba kunditonthoza. Anati anachoka bwino, anthu anayankhula mawu abwino, anatenga njinga, wailesi ndi makasu awo. Anati mapichesi ayamba maluwa, ndidzamuuze mwana wa amayi aang'ono uja asawadule. Ndinati ndikwera mawa lomwe, ndikagwedeza mudzi wonse. Anati ayi, zosudzula sizibwerera, ndipo iwo sakufuna kukakhala m'nyumba mochita kukanganirana.

Mkwiyo wanga unkafuna pofikira, ndiye ndinaimbira atsibweni ndisanadzuke n'komwe pamizu paja. Ndinali nditakonza mawu oposa a pamaliro. Anandimvetsera pang'ono n'kundidula mawu.

"Iwe, bambo ako anatiuza kuti akudziwitsa, ndipo kawiri konse. Tinakudikira mpaka dzuwa kupendeka, anthu njala ikuwapweteka. Ukanabwera n'kunena kuti akhale, ndani akanalimbana ndi pakamwa pakopo?"

Ndinafuna kuti akhale akunama, koma sankanama. Ndinatsetsereka kubwerera ku loji ndilibe womukwiyira. Ndinayesa kukwiyira amanijala, ndinayesa mmisiri, ndinayesa bambo wa thaulo uja, koma mkwiyo sunkakhazikika pa aliyense. Ndinadutsa pa risepushoni n'kuyang'ana kabokosi ka kukhoma kaja, timagetsi take tikuphethira ngati masiku onse. Mayi ophika anandiona m'maso, ndipo madzulo ndinapeza mbale yovundikira pakhomo la kachipinda kanga. Sindinathe kudya.

Mawa lake ndinapempha amanijala kuti ndiimbire mmisiri, ndikuti pali chofuna kukonza. Ndinamufunsa ngati n'zotheka kuti nambala imodzi ikhale ndi posungira mauthenga pakepake, posapita pa kompyuta ya munthu wina. Anaseka, ati zimenezo n'zachibwana, asisi, tsegulani tsamba lachiwiri. Anandiuza podina, ine ndikudina. Sizinatenge nthawi yoti n'kuwiritsa madzi a tiyi. Ndinachonga kabokosi kosunga uthenga kaja, ndinafupikitsa bata lija, ndinajambulanso funso lomaliza, poti "kumudziko" kunali kutasintha. Ndinati, "Ababa, yankhulani, ndimva zonse."

Lamlungu lotsatira ndinawafotokozera bwinobwino. Ndinati tsopano makina akusunga mawu anunso, chilichonse chimene munganene ndizichimva ndikangopeza mpata, ndipo palibe wina amene angamve. Ndinawapempha kuti andiuzenso za maloto aja.

"Chabwino, mayi," anatero. "Wachita bwino."

Anali atapeza pogwira netiweki, pachulu china kuseri kwa nyumba ya azakhali. M'mawa mwake foni inalira kawiri. Ndinasiya chopukutira n'kuyang'ana kagetsi. Kanathima nthawi yomweyo. Ndinati mwina netiweki yadula, ndinadikira, koma sinalirenso. Mawa lake chimodzimodzi. Ababa anali atabwerera ku kufulasha kwakale, ndipo anali ataphunzira kudula msanga, mawu anga asanayambe.

Ndinakhalabe pa loji paja nthawi ndithu. Lamulo lija sindinalichotse, linakhalabe pamwamba pa onse. M'mawa uliwonse, alendo akapita kukadya, ndinkatola foni n'kudina nambala ya posungira paja. Mawu a mzimayi wa m'makinamo ankandiuza m'Chingerezi kuti mulibe uthenga. Ndinkabwezera foni pamalo pake n'kupitiriza kupukuta tebulo.